Chakudya chilipo koma mwana akukana kudya: timathandiza bwanji?

Matroni wa hostelo ya atsikana, Mangochi boma
Moni akuluakulu nonse pagulu pano. Funso langa likupita kwa inu achipatala ndi alangizi. Madandaulo amene tinawazolowera m'mahostelo ndi akuti nsima yachepa, nyemba ndi zofumbwa. Koma pamapezeka mwana wina wosiyana ndi anzake. Mtanda wake amagawira ena n'kumati ndakhuta, tiyi amamwa wopanda shuga, m'mawa anzake asanadzuke iye ali pagalaundi kuthamanga. Wina amadya bwinobwino, mwinanso kuposa anzake, koma akangosamba m'manja wathamangira kuchimbudzi. Siketi ya yunifolomu ikuchita kugwidwa ndi pini, mwini wake akuti ndanenepa. Makolo akamva, ena amati walodzedwa, ena amati ndi matama chabe. Inu mumayambira pati, nanga ife oyang'anira ana tichitepo chiyani?

Clinical officer, Monkey Bay
Amayi, poyambira ndi thupi. Kuno kunyanja zoondetsa munthu n'zambiri, ndiye sitinganene kuti ndi matenda a kadyedwe tisanayeze HIV, makhololo a TB, shuga, kuchuluka kwa magazi, mimba, komanso chimbudzi ndi mkodzo poona njoka za m'mimba ndi likodzo. Tigwirenso pakhosi, chifukwa chithokomiro chikamagwira ntchito mopitirira muyezo munthu amaonda akudya. Chosiyanitsa chachikulu ndi ichi: wodwala TB kapena shuga kuonda kumamudandaulitsa, amafuna thupi lake libwerere. Amene mukunenayu sikelo ikatsika mtima umakhala pansi, ikakwera amalira.

Kenako tiwerengere BMI, nambala yoyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake. Mtsikana wa makilogalamu 40 wotalika mamita 1.60: chulukitsani 1.60 ndi 1.60 mupeza 2.56, gawani 40 ndi 2.56 mupeza 15.6. Kwa munthu wamkulu, pansi pa 18.5 ndiye kuti waonda. Kwa ana a sukulu nambalayo timaiika pa tchati cha WHO chotsata zaka. Koma nambala yokha imanamiza. Mwana amene anali wonenepa n'kutaya makilogalamu 10 pa miyezi iwiri ali pangozi ngakhale BMI yake ikuoneka yabwino.

Zotsatirazi mukaziona musadikire Lolemba: mtima ukugunda kosakwana ka 40 pa mphindi ali maso, akukomoka kapena BP ya pamwamba ikutsika ndi zoposa 20 akaimirira, themometa ya m'khwapa ikuwerenga pansi pa madigiri 35, akutaya kuposa kilogalamu imodzi pa sabata kwa masabata awiri otsatizana, akanyonyomala akulephera kudzuka osagwira pansi, akusanza magazi, kapena wayamba kukana ndi madzi omwe. Ameneyo agonekedwe tsiku lomwelo, uphungu umupeza pabedi.

Mlangizi wa zaumoyo, Makanjira
Adokotala ndakumvani, koma ndifunse mosapsatira. Amenewa si matenda a azungu ndi ana a mabwana a m'tauni? Kuno munthu akanenepa timati zikumuyendera, akaonda anthu amayamba kunong'onezana za kaliwondewonde. Mwezi wa Febuluwale mabanja ambiri amaika mphika pamoto kamodzi pa tsiku. Ndani angakane nsima mwadala?

Katswiri wa zamaganizo
Achimwene a ku Makanjira, maganizo amenewa ndi amene amachedwetsa ana kupeza thandizo, ndiye tiyeni tiwakhalire pansi. Ku Fiji anthu ankatamanda thupi lodzadza ngati mmene tichitira kuno. Wailesi ya kanema itangofika m'dera la Nadroga mu 1995, Anne Becker wa ku Harvard anafunsa atsikana a sukulu, ndipo panalibe amene anati amadzisanzitsa kuti achepe thupi. Pofika 1998, atsikana 11 pa 100 alionse ankatero. Lero mwana wa ku Namwera ali ndi TikTok m'manja usiku wonse. Njalanso simuteteza munthu: amene wakula chakudya chikupezeka lero, mawa osapezeka, amatha kuyamba kudya mosadziletsa chikapezeka, manyazi n'kumutsatira.

Matendawa alipo angapo. Anorexia nervosa ndi kudzimana chakudya mpaka thupi kutha, munthu akuopabe kunenepa. Bulimia nervosa ndi kudya chambiri pa kanthawi kochepa ukumva kuti sungathe kusiya, kenako kudzisanzitsa, kumwa zotsegula m'mimba kapena kusala. Ambiri mwa awa thupi lawo limaoneka labwinobwino, n'chifukwa chake amakhala zaka osadziwika. Palinso kudya mosadziletsa kopanda kusanza, ndi ARFID, pomwe mwana amakana chakudya poopa kutsamwa kapena ponyansidwa ndi fungo, za maonekedwe alibe nazo ntchito. Anyamata amadwalanso. Ndipo si onse amene anganene kuti ndikuopa kunenepa. Ambiri amangoti m'mimba mwadzadza, chakudya chikundikhala pachifuwa.

Mfundo imene ine ndimaimapo ndi iyi. Mu 1944 ndi 1945, Ancel Keys ku Minnesota anatenga amuna 36 athanzi, amaganizo abwinobwino, n'kuwachepetsera chakudya pafupifupi ndi theka kwa masabata 24. Anataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwawo. Anayamba kulota chakudya, kusunga mabuku ophikira, kudya pang'onopang'ono moduladula, kupsa mtima msanga, kudzipatula, ndipo atawamasula ena ankadya osatha kusiya. Ndiye kuti zambiri zimene timati ndi khalidwe loipa la mwana, ndi njala imene yafika mu ubongo. Ubongo wanjala suumva uphungu. Mlangizi amene amatha miyezi itatu akufufuza zomwe zinachitika ali mwana, sikelo ikutsikabe, akumuchedwetsa wodwalayo. Chakudya choyamba, kukamba zakuya kubwere thupi likayamba kubwerera.

Namwino wa matenda a maganizo
Amayi a matroni, pomuyamba mwanayo musamuyitane pagulu, musatchule za thupi lake. Mawu akuti "waondatu" kwa iye ndi chiyamikiro, akuti "wayamba kuoneka bwino" amamva kuti wanenepa ndipo mawa sadya. Nenani zimene mwaona: "Mwanangu, sabata ino ndaona kuti masana sukudya, ndipo ukumva kuzizira dzuwa la Mangochi lino lili phwee. Ndili ndi nkhawa." Funsani ngati amadzisanzitsa, ngati amamva kuti sangathe kudziletsa akayamba kudya, ngati amadziona wonenepa pomwe ena akuti waonda, ngati maganizo a chakudya amamudzadza m'mutu tsiku lonse, komanso ngati msambo unasiya. Akakana zonse musakangane naye, kukana ndi mbali ya matendawa. Musalonjeze kusunga chinsinsi, muuzeni poyera kuti makolo adziwa chifukwa moyo wake uli pachiswe.

Funso limodzi anthu amaliopa koma lifunsidwe mwachindunji: "Kodi umaganizapo zodzipha?" Kufunsa sikumuika munthu maganizowo. Pa matenda onse a maganizo, anorexia ili m'gulu la amene amapha kwambiri, ndipo pa anthu asanu omwalira nayo, mmodzi amakhala wadzipha.

Katswiri wa zamaganizo
Tsopano za chithandizo cha mwana wosakwana zaka 18. Njira imene ili ndi umboni wabwino kwambiri inayambira pa chipatala cha Maudsley ku London, ndipo imaika makolo patsogolo. Timakumana ka 20 kapena kuchepera, pa miyezi 6 mpaka 12.

Tsiku loyamba ndimachita zinthu zitatu. Ndimawauza makolo mosabisa kuti matendawa amapha. Ndimawachotsera mlandu: sitifufuza amene analakwa, mayi sanayambitse, mwana sanasankhe. Ndipo timalekanitsa mwana ndi matenda, kuti akatukwana kapena kutaya mbale makolo adziwe kuti akulimbana ndi matenda, mwana wawo ali pomwepo akuvutika. Pokumana kachiwiri banja limabwera ndi chakudya cha kunyumba n'kudyera pamaso panga. Ndimaona amene amanyengerera, amene amakalipa, amene amagonja msanga, kenako ndimawathandiza kuti mwana adye mbamu imodzi yoposa pomwe iye amafuna kulekezera. Mbamu imodziyo ndi yofunika, makolo amatuluka ataona ndi maso kuti n'zotheka.

Gawo loyamba timakumana sabata iliyonse. Makolo ndiwo amasankha, kuphika ndi kupakula. Mwana salowa kukhitchini, safunsidwa kuti udya chiyani. Chakudya chili ngati mankhwala a TB amene munthu amamwa womuyang'anira akuona: sitidikira kuti afune. Nsima ithe pa mphindi 30, zodya zapakati pa mphindi 15, ndipo wamkulu akhale naye ola lathunthu pambuyo pake, osapita yekha kuchimbudzi kapena kubafa. Akasiya theka, amwe mkaka kapena phala lamadzimadzi lolowa m'malo mwake. Mawu akhale ochepa, obwerezabwereza, opanda ukali: "Ndikudziwa kuti zikuvuta. Tenga mbamu ina." Kumenya, kuopseza ndi kulira pamaso pake kumangowonjezera mantha, ndipo kukambirana za mafuta ndi masupuni kumapatsa matenda mpata. Kuthamanga, netibo, kukatunga madzi kutali, zonsezi ziyambe zaima.

Sikelo timakwera kamodzi pa sabata, sikelo yomweyomweyo, atakodza kaye, atavala zopepuka, chifukwa ena amamwa madzi malita awiri kapena kuika miyala m'thumba. Tikufuna theka la kilogalamu pa sabata. Akawonjezera pafupifupi makilogalamu 2 m'masabata anayi oyamba, ndi chizindikiro chabwino kwambiri. Akapanda, tisinthe kachitidwe pomwepo.

Akafika pafupifupi 90 pa 100 ya kulemera komuyenera ndipo nkhondo ya pambale yachepa, timayamba kumubwezera udindo pang'onopang'ono, kuyambira chodya chimodzi chapakati. Apa mabanja ambiri amapupuluma, amaona masaya abwerera n'kusiya kuyang'anira, mwezi umodzi zonse zabwerera. Gawo lomaliza ndi la nkhani za msinkhu wake: anzake, sukulu, kusekedwa, zibwenzi.

Mphunzitsi wa sekondale, Namwera
Zikumveka, koma m'makomo mwathu ambiri bambo ali ku Joni, mayi ali ndi geni pamsika, ndipo ana amadyera mbale imodzi. Mungadziwe bwanji kuti wadya mbamu zingati?

Katswiri wa zamaganizo
Aphunzitsi, mbale imodziyo ndiyo pobisalira pabwino, amangotsina pang'ono ang'ono ake n'kumaliza. Pa nthawi ya chithandizo akhale ndi mbale yakeyake ya nsima ndi ya ndiwo, koma adyere pamphasa pomwepo ndi anzake, asapatulidwe. Yang'anani m'chitenje, pansi pa mphasa, ndi galu kapena nkhuku zikamamuzungulira. Banja pano si bambo ndi mayi okha. Agogo, azakhali, atsibweni, aliyense wamkulu wokhazikika mtima atha kutenga nthawi yake ya chakudya. Chofunika n'chakuti onse alankhule chimodzi, chifukwa agogo akangoti "musiyeni mwana, adya mawa", ntchito ya sabata yonse yagwa. Bambo a ku Joni aimbe pa WhatsApp nthawi ya chakudya chamadzulo. Abale ake aang'ono asapatsidwe upolisi, iwo akhale ocheza naye.

Wa zakadyedwe
Kwa amene adokotala amuona kuti angathandizidwe kunyumba, adye kasanu ndi kamodzi pa tsiku, osadutsa maola atatu kapena anayi. M'mawa phala la mgaiwa kapena Likuni Phala lothira nsinjiro masupuni awiri, shuga ndi mkaka. Cha m'ma 10 koloko nthochi ndi mtedza wodzadza dzanja. Masana nsima mitanda iwiri, usipa kapena utaka wokazinga, masamba otendera. Cha m'ma 4 koloko futali wa mbatata kapena chigumu ndi thobwa. Madzulo nsima kapena mpunga ndi nyemba, dzira kapena nsomba. Pogona kapu ya mkaka kapena chambiko. Kuti munthu awonjezere theka la kilogalamu pa sabata pamafunika ma calorie (muyezo wa mphamvu ya chakudya) pafupifupi 500 pa tsiku pamwamba pa zomwe thupi likugwiritsa ntchito, ndipo thupi likayamba kudzuka limatentha chakudya mwachangu, moti mlingo umene unkakwanira sabata yachiwiri sukwanira yachisanu. Mafuta ndi nsinjiro ndizo zimakweza mphamvu mbale isanakule. Paketi ya chiponde ya magalamu 92 ili ndi ma calorie 500, imathandiza ngati achipatala alemba, koma isalowe m'malo mwa nsima.

Adzadandaula kuti mimba yatupa ndipo wadzimbidwa. Sakunama. Chifu chimene chakhala nthawi chopanda kanthu chimachedwa kutsitsa chakudya, ndipo zimatha pakapita masabata angapo akudyabe. Mnofu woyamba umasonkhananso pamimba, n'kudzagawikana m'thupi lonse pakapita miyezi. Muuzeni zimenezi zisanachitike.

Clinical officer, Monkey Bay
Ndiwonjezere chenjezo pa ndondomeko ya achemwaliyi. Amene wakhala masiku asanu kapena kuposa osadya kwenikweni, kapena waonda kwambiri, musamuyambe ndi mbale yodzadza, zakumwa zotsekemera kapena dripi ya shuga yokha. Shuga akalowa mwadzidzidzi, insulin imakokera michere ya m'magazi yotchedwa phosphate, potassium ndi magnesium m'maselo, m'magazi n'kutsala zochepa, mtima n'kulephera. Zimachitika kwambiri m'masiku oyambirira. Zizindikiro zake ndi kutupa miyendo, kubanika, mtima kuthamanga, kusokonezeka mutu. Inu a zaumoyo mukudziwa chifukwa chake ku NRU, wodi ya ana onyentchera, timayamba ndi mkaka wochepa mphamvu wa F-75 tisanapereke wamphamvu wa F-100 kapena chiponde, mfundo yake ndi yomweyo. Apatsidwe thiamine (vitamini B1) asanayambe kudya, magazi ayezedwe tsiku lililonse sabata yoyamba, chakudya chizikwezedwa tsiku ndi tsiku. Koma mantha amenewa asatipangitse kumusunga pa phala lochepa sabata yonse, kumeneko ndi kupitiriza njala ali m'chipatala.

Katswiri wa zamaganizo
Za wothamangira kuchimbudzi uja, wa bulimia. Kwa achikulirepo timagwiritsa ntchito njira ya uphungu yotchedwa CBT-E, imene anaikonza Christopher Fairburn ku Oxford: kukumana ka 20 pa masabata 20, masabata anayi oyamba kawiri pa sabata. Wamkulu woonda kwambiri amafuna pafupifupi ka 40.

Choyamba timajambula naye papepala mmene zimazungulirira. Amadzimana m'mawa ndi masana, pofika madzulo njala yamugonjetsa, wadya mandasi khumi ndi nsima yotsala, wadzida, wasanza, walumbira kuti mawa sadya, mawa zayambiranso. Iye amaganiza kuti vuto ndi kudya kwambiri. Chimene chikuyendetsa zonse ndi kudzimanako. Kusanza kumachotsa theka la zomwe wadya kapena kuchepera, ndipo kumamupatsa chilolezo chodyanso mosadziletsa.

Amakhala ndi kope lolemba nthawi yomweyo, osati pogona: nthawi, chomwe wadya, malo, kanyenyezi pomwe wamva kuti wapitirira, ngati wasanza, ndi zomwe zimachitika mumtima. Kenako timakhazikitsa kudya katatu ndi zapakati kawiri kapena katatu, pa nthawi zokonzeratu, ngakhale dzulo anadya mosadziletsa. Ichi chokha chimachepetsa vutoli kwa ambiri. Chilakolako chikabwera pakati, chimakwera n'kutsika chokha, nthawi zambiri ola lisanathe, ndiye akhale ndi zochita zokonzeratu: kutuluka kukakhala ndi anthu, kuchapa, kuluka tsitsi la mnzake. Sikelo kamodzi pa sabata tili limodzi, ndipo timawerenga masabata anayi pamodzi chifukwa madzi ndi msambo zimasinthasintha nambala. Zikakhazikika timabwezera zakudya zimene anaziletsa, kuyambira chosaopsa kwambiri, timachepetsa kudzitsina pamimba ndi kudziyang'ana pagalasi kosalekeza, ndipo timamufunsa kuti ulemu wake amauyezera pa chiyani. Akajambula bwalo n'kuligawa, mumapeza thupi latenga pafupifupi lonse, sukulu, abale ndi mapemphero zapanikizana pakona. Ntchito yotsala ndi kukulitsa zinazo. Wodya mosadziletsa amene ndi wonenepa asayambe zochepetsa thupi nthawi yomweyo, zimadzutsa vuto lomwelo.

Namwino wa matenda a maganizo
Wosanza mumamudziwira pa masaya otupa m'munsi mwa makutu, zipsera pa mfundo za zala, ndi mano odyeka chakumbuyo. Akasanza asatsuke mano ndi mswachi nthawi yomweyo, asidi amakhala atafewetsa mano. Achukuche ndi madzi, kapena madzi othira kasupuni ka soda wophikira, adikire ola. Potassium ayezedwe m'magazi: pansi pa 3.5 yatsika, pansi pa 2.5 mtima utha kuima munthu akuoneka wathanzi.

Wa ku famase
Makolo ambiri amabwera kudzafuna mankhwala opatsa chilakolako cha chakudya. Madzi a cyproheptadine sathandiza apa, chifukwa mwanayu njala amaimva, chimene chikumuletsa ndi mantha. Mapiritsi a dexamethasone kapena prednisolone amene ena amagulitsa kuti onenepetsa amangotupitsa nkhope, kukweza shuga ndi BP, ndi kufooketsa mafupa amene afooka kale. Tiyi wochepetsa thupi wotsatsidwa pa Facebook nthawi zambiri amakhala ndi senna, mankhwala otsegula m'mimba. Ameneyu amagwira ntchito m'matumbo aakulu, chakudya chitalowa kale m'thupi, ndiye chotuluka ndi madzi ndi mchere basi. Akasiya amatupa miyendo sabata imodzi kapena ziwiri, achenjezedwe kuti asathamangirenso tiyiyo.

Pa bulimia, fluoxetine amathandiza, koma mlingo wake umafika 60 mg, osati 20 mg wa matenda okhumudwa, ndipo alembe ndi dokotala pamodzi ndi uphungu. Kwa woonda kwambiri wa anorexia sagwira ntchito. Amitriptyline, mankhwala ena a matenda okhumudwa, musamale naye, ndi woopsa ku mtima wofooka komanso munthu akamwa ambiri. Wachinyamata wa shuga amene akuonda shuga wake ali pamwamba nthawi zonse, mufunseni mwaulemu ngati akudumphitsa jakisoni wa insulin mwadala.

Mwalimu wa madrasa, Malindi
Ndathokoza akuluakulu, ndaphunzira. Ndithandizeko pa Ramadhani, chifukwa mwezi umenewu mwana wotere amabisala mosavuta, aliyense akusala ndipo palibe amamufunsa. Qur'an mu Surat Al-Baqarah, ndime 184 ndi 185, imanena poyera kuti wodwala asasale, adzabweze masikuwo nthawi ina. Dokotala akanena kuti kusala kumuvulaza, makolo abwere naye kwa shehe kuti amve kuchokera pakamwa pa shehe, chifukwa akamva kwa mayi ake okha amadziona wochimwa. Swala, kuwerenga ndi sadaka zonse achite. Kumasula kwa madzulo kumavutanso wa bulimia, tsiku lonse wopanda kanthu kenako mbale zambiri pamphasa.

Mlangizi wa zaumoyo, Makanjira
A mwalimu mwanena zoona, ndipo abusa amvenso, pali kusala kwa masiku ambiri kumapiri kumene achinyamata amapitako. Mapemphero apitirire koma mbale ili patsogolo. Nanga ife akumudzi titumize kuti?

Namwino wa matenda a maganizo
Yambirani pa health centre kuti ayezedwe zonse zija adokotala atchula, ndipo m'buku lake la chipatala mulembedwe kulemera, kutalika, kugunda kwa mtima ndi BP atagona komanso ataimirira. Kuchoka apo apite ku kiliniki ya matenda a maganizo pa chipatala chachikulu cha Mangochi, iwo ndiwo angatumize ku Zomba Mental Hospital kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre pakafunika. Amene ali ndi zizindikiro zangozi zija malo ake oyamba ndi wodi ya odwala wamba kapena ya ana, kumene angayeze magazi ndi mtima. Polemba kalata musangoti "sakudya", lembani makilogalamu amene wataya ndi pa masabata angati.

Matroni wa hostelo ya atsikana, Mangochi boma
Nanga ngati ali Fomu 4, mayeso a MSCE ayandikira? Makolo amakana kumutenga, amati alembe kaye.

Katswiri wa zamaganizo
Amayi, ngati adokotala apeza kuti thupi lili pangozi, apite kunyumba kapena kuchipatala, za mayeso akambirane ndi ahedi pambuyo. Ngati thupi likadali lolimba atha kukhala, koma pakhale pangano lolemba pakati pa sukulu, makolo ndi chipatala. Wamkulu mmodzi akhale naye pa chakudya chilichonse ndi ola lotsatira, m'chipinda chapadera ngati kuholo kukumuchititsa manyazi. Makolo abweretse nsinjiro, mkaka wa ufa ndi mtedza za zodya zapakati, zisungidwe kwa inu osati m'sutikesi mwake. Zamasewero ayambe wapuma, ndipo aphunzitsi asamupatse chibalo cholima kapena kutchetcha. Akwere sikelo kuchipatala tsiku limodzi lokhazikika pa sabata. M'panganomo mulembenso kuti sikelo ikatsika masabata awiri otsatizana, makolo adzamutenga tsiku lotsatira popanda kukambirananso.